EINTR: mkangano wa MIT ndi Unix umene sudathebe

Mu Seputembala 2025 padakwana zaka 10 chitulukireni Python 3.5, mtundu wina wa chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha Python. Ambiri amaikumbukira chifukwa cha async ndi await, koma ine ndimakumbukira kanthu kena kakang'ono, chikalata cha PEP 475 chopempha kusintha mu Python, kamene adalemba Charles-François Natali ndi Victor Stinner. Mmenemo mudagamulidwa kuti system call (pempho la pulogalamu kwa kernel, mtima wa operating system) ikadulidwa ndi signal (uthenga wadzidzidzi wopita kwa pulogalamu) n'kubweza EINTR (cholakwika chonena kuti pempho ladulidwa), Python izibwereza yokha, wolemba pulogalamu asamavutike nazo. Vuto limene adakonzalo linali litakhalapo zaka 40, ndipo gwero lake lili m'zaka za m'ma 1970.

Vutolo lili chonchi. Pulogalamu yaitana read() kuti imve zimene munthu akulemba pa kiyibodi. Munthuyo sadalembe kanthu, choncho kernel yaigoneka pulogalamuyo kuti idikire. Ili chigonere, pafika signal: mwina munthu wadina Ctrl-C, mwina nthawi ya alarm() yakwana, mwina process ina (pulogalamu ina yoyenda) imene pulogalamuyo idayambitsa yatha. Mbali ya kodi (code) yoyankha signal, yotchedwa handler, ili m'pulogalamu ndipo iyenera kuyenda kunja kwa kernel, pamene pulogalamuyo ili m'kati mwa kernel, ntchito ili pakati. Ituluke bwanji, ndipo ikabwerako ipeze chiyani?

Ku yunivesite ya MIT ku America, m'labotale ya Artificial Intelligence, adali ndi operating system yotchedwa ITS, imene idayamba kumapeto kwa ma 1960 pa kompyuta ya PDP-6 kenaka n'kupita pa PDP-10. Yankho lawo ankalitcha PCLSRing. Signal yawo ikafika, kernel inkabweza program counter (cholozera lamulo limene pulogalamu yafikapo) kumbuyo mpaka pa lamulo lenileni limene lidaitana system call, ngati kuti silidayambe n'komwe. Ngati gawo la ntchito linali litachitika kale, inkakonza manambala a pempholo: malo owerengera n'kuwasunthira kutsogolo, chiwerengero chotsala n'kuchichepetsa. Pulogalamu ikabwerera, inkaitananso yokha n'kupitiriza pamene idalekezera, osadziwa kuti padachitika kanthu. Alan Bawden adalongosola njirayi mwatsatanetsatane mu 1989. Inali ntchito yolemetsa kwa olemba kernel, chifukwa system call iliyonse inkayenera kulembedwa moti itha kuimitsidwa paliponse pamene ingagone.

Ku Bell Labs, ku New Jersey, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, amene adapanga operating system ya Unix, adadzera njira yachidule. Mu Sixth Edition Unix ya 1975 pa PDP-11, kernel isadayambe system call inkasunga malo obwererako mu u.u_qsav. Signal ikapeza process ili mtulo, sleep() inkadumphira pamalo amenewo, ntchito yonse n'kusiyidwa, pulogalamu n'kupatsidwa cholakwika nambala 4, EINTR. Ndi mizere yochepa kwambiri. Koma kuyambira pamenepo aliyense wolemba pulogalamu adasenzetsedwa katundu: aziona errno (pamene pamasungidwa nambala ya cholakwika), ikakhala EINTR aitanenso, paliponse, nthawi zonse.

Njira ziwirizi zidadzakumana m'nkhani ya Richard P. Gabriel, imene adailemba mu 1989, ndipo gawo lake lodziwika ndi mawu oti worse is better lidafala Jamie Zawinski atalitumizira anzake mu 1991. Gabriel akusimba za anthu awiri otchuka, wina wa ku MIT, wina wa ku yunivesite ya Berkeley koma wogwira ntchito pa Unix. Wa ku MIT adawerenga kodi ya Unix kufunafuna pamene vutoli lidakonzedwa, osapapeza. Atafunsa, mnzakeyo adamuuza kuti system call imangobweza cholakwika, pulogalamu yabwino iziyesanso. Wa ku MIT sadakondwe. Kwa iye, chosavuta chiyenera kukhala kugwiritsa ntchito. Kwa wa Unix, chosavuta chiyenera kukhala kumanga.

Nkhaniyi tiyenera kuimva mosamala. Gabriel sadatchule maina a awiriwo, ngakhale chaka chimene adakumana, ndipo iye anali munthu wa chiyankhulo cha mapulogalamu cha Lisp, wa kampani ya Lucid, amene ankafuna kufotokoza chifukwa chake chiyankhulo cha C ndi Unix zinkapambana. Ndi fanizo kuposa umboni. Umboni wolimba uli m'kodi ya Sixth Edition, imene aliyense angaiwerenge lero, ndipo ikugwirizana ndi zimene iye adanena. Chimene fanizolo lidasiya n'chakuti pamene ankalemba, ku Berkeley komweko anali atasintha kale maganizo.

Apa m'pamene ndikuona kuti nkhani idakhotera. Mu 1983, 4.2BSD, Unix ya ku Berkeley, idayamba kubwereza yokha ma system call ena odulidwa ndi signal, monga read, write, ioctl ndi wait. Mapulogalamu osaona EINTR adapuma. Koma ena adasweka. Padali chizolowezi choika alarm() musadaitane read(), kuti ngati yankho lachedwa, signal idule kudikirako, pulogalamu ipite kwina. Tsopano read() inkangoyambiranso, pulogalamu n'kudikira mpaka kalekale. Zidaoneka kuti EINTR, imene idabadwa pofuna kupeputsa ntchito, inali itasanduka chida chimene anthu ankachidalira. Choncho mu 1986, 4.3BSD idabweretsa siginterrupt() kuti munthu asankhe, signal iliyonse payokha. System V, Unix ya kampani ya AT&T, idakhalabe ndi khalidwe lakale, moti signal() yomweyo inkachita zosiyana pa makina awiri a Unix. Mapeto ake padabwera sigaction() ndi SA_RESTART, mbendera yopempha kernel kuti ibwereze yokha, ndipo W. Richard Stevens adazilemba zonsezi m'buku lake la 1992 limene ambiri tidaphunziramo.

SA_RESTART sidamalize ntchito. Pa Linux, poll(), select(), epoll_wait() ndi nanosleep() zimabwezabe EINTR signal handler ikayenda, ngakhale mwaika mbenderayo. Ndipo wolemba laibulale sangadziwe mmene mwini pulogalamu adaikira ma signal ake. N'chifukwa chake glibc, laibulale ya C ya GNU, ili ndi TEMP_FAILURE_RETRY, kachidutswa kongobwereza kuitana mpaka EINTR ileke. Vuto lake limabisala: pulogalamu iyenda bwino miyezi, tsiku lina munthu angokulitsa windo la terminal, SIGWINCH ifike, read() ilephere. A chiyankhulo cha Go adaziona mu Febuluwale 2020, pamene Go 1.14 idayamba kugwiritsa ntchito SIGURG poimitsa ma goroutine (tintchito toyenda nthawi imodzi m'pulogalamu): EINTR idachuluka m'mapulogalamu amene sadaiganizireko, ndipo Go 1.15 idayamba kubwereza yokha m'malaibulale ake a os ndi net.

Pamene pali povuta zedi ndi pa close(). Pa Linux, file descriptor (nambala yoimira fayilo yotsegula) imamasulidwa ngakhale close() ibweze EINTR, moti mukabwereza mutha kutseka fayilo imene thread ina (mbali ina ya pulogalamu yoyenda nthawi yomweyo) yangotsegula ndi nambala yomweyo. Pa HP-UX, Unix ya kampani ya HP, imakhalabe yotsegula, moti mukapanda kubwereza mwaitaya. POSIX ya 2008, muyezo wa mmene Unix iyenera kukhalira, sidagamule. PEP 475 idasankha kungonyalanyaza EINTR pa close(), osabwereza.

A Unix ali ndi mfundo yawo yoona, sindikana: kernel yaing'ono ndi imene idawalola kusamukira pa makina osiyanasiyana, pamene ITS idatsalira pa PDP-10 mpaka makina ake omaliza ku MIT adazimitsidwa mu 1990. Ndipo pali nthawi imene pulogalamu imafunadi kudzutsidwa; Python nayo imabwereza pokhapokha ngati handler sidaponye exception, n'chifukwa chake Ctrl-C imagwirabe. Komabe mukatsegula kodi ya ma signal ya Linux pa x86, mupeza kuti system call ikabweza ERESTARTSYS (chizindikiro cha m'kati mwa kernel choti yadulidwa) ndipo ikuyenera kuyambiranso, kernel imabwezeretsa nambala ya system call n'kuchotsa 2 pa instruction pointer (program counter ija), kuti lamulo lija liyendenso. Munthu wa ku MIT uja akadawerenga mizere imeneyi, akadapeza chimene ankafunafuna.