Zimene misomali yadzimbiri imatiuza pa migodi yakale ya golide

Munthu akagula makina ofufuzira zitsulo m'nthaka n'kupita nawo pamalo amene panali mgodi wa golide kalekale, nthawi zambiri m'mutu mwake mumakhala chibuluma cha golide chonga chimene chinapezeka mu 1980 pafupi ndi Kingower, m'chigawo cha Victoria ku Australia, cholemera makilogalamu oposa 27, chomwe anachipatsa dzina loti Hand of Faith. N'zoona kuti chinapezeka ndi makina otere. Koma zimene zimaliritsa makinawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo pamalo oterewa ndi misomali, zitini, zidutswa za mafosholo ndi nsapato za akavalo, ndipo ine amene ntchito yanga ndi yofufuza mbiri ya malo akale ndimaona kuti zinthu zimene ambiri amazitaya mokwiyazi ndizo zimasunga mbiri ya anthu amene ankakumba pamenepo.

Kumapeto kwa ndodo ya makinawa kuli koyilo, yomwe ndi waya wokulungidwa mozungulira, imene imatumiza mphamvu ya maginito m'dothi. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo imadzutsa timagetsi m'chitsulocho, chitsulocho n'kubweza mphamvu yakeyake, ndipo makina akaimva amalira. Makina otchedwa VLF amatha kusiyanitsa chitsulo chogwira dzimbiri ndi mkuwa, siliva kapena mtovu, pamene otchedwa pulse induction amamva zakuya kwambiri ndipo sasokonezeka msanga ndi dothi lokhala ndi ayironi wambiri, lomwe limapezeka kawirikawiri kumene kuli golide, koma iwo sasiyanitsa bwino zitsulo. Vuto limayambira pa batani limene limauza makina kuti asalire akamva chitsulo chogwira dzimbiri. Wofufuza wotopa ndi misomali amalidina, makutu ake amapuma, koma kuyambira pamenepo amaponda pamwamba pa umboni wochuluka osaudziwa.

Msomali umatchula zaka zake kwa amene amadziwa kuuwerenga. Misomali yamakona anayi, yodulidwa kuchokera ku chitsulo chophwatalala, ndiyo inali yofala pamene anthu anakhamukira ku California golide atapezeka pa Sutter's Mill mu 1848, komanso pamene anathamangira ku Ballarat ndi ku Bendigo, ku Victoria, mu 1851. Misomali yobulungira yopangidwa ndi waya, imene tonse tikuidziwa lero, inayamba kulanda malo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Zitini nazonso zimathandiza. Zakale zinali ndi bowo pamwamba lolowetsera chakudya, lomwe ankalitseka ndi kachivundikiro komatidwa ndi mtovu wosungunula, ndipo zitini zopinda m'mphepete popanda kumata zinafala zaka za m'ma 1900 zitayamba. Choncho dzala limodzi la zitini likhoza kusonyeza ngati msasa unali wa anthu oyamba kufika kapena wa amene anabwera pambuyo pake kudzapeta zotsala.

Ndalama zachitsulo, zomwe aliyense amazilakalaka, nthawi zina zimanamiza. M'misasa ya okumba ochokera ku China, ku California ndi ku Victoria komwe, mumapezeka timakobidi tamkuwa tokhala ndi bowo lamakona anayi pakati, ndipo tambiri tinapangidwa m'zaka za m'ma 1700, mu ulamuliro wa Qianlong, mfumu ya ku China, ngakhalenso m'mbuyo mwake. Kakobidi kotere kamatiuza amene ankakhala pamalopo, koma sikatiuza chaka chimene anafika, chifukwa kanayenda m'manja mwa anthu kwa mibadwo ingapo kasanagwe m'dothi.

Njira imene ndimaikonda ndi yoyenda ndi makina osakumba kanthu, n'kumazika kambendera paliponse pamene alira. Tsiku lina tinachita zimenezi pamalo otsetsereka pomwe panali udzu wokhawokha, ndipo dzuwa likupendeka timbenderato tinali titajambula makona anayi a kanyumba kamatabwa kamene kanawola kalekale, misomali yokha itatsala mumzere wa zipupa. Pakona imodzi timbendera tinathithikana, ndipo titakumba mosamala tinapeza zidutswa za mbaula yachitsulo. Patapita nthawi munthu wina anandibweretsera thumba la mabatani, zitsulo zomangira malamba ndi ndalama zimene anatola pamalo ngati omwewo, atazikwecha ndi bulashi yawaya mpaka kuwala, koma sanathe kunena kuti chilichonse anachipeza pati. Zinali zokongola ndithu, koma palibe chimene ndikanalemba za izo kupatula maina ake.

Ichi n'chifukwa chake maiko amene anali ndi migodi yotchuka anaika malamulo. Ku United States, lamulo la mu 1979 limaletsa kufukula popanda chilolezo zinthu zakale zoposa zaka 100 pamalo a boma lalikulu, ndipo ku Bodie, tauni yamigodi yosiyidwa ku California, saloleza kuchotsa ngakhale msomali umodzi. Ku South Africa, kumene kuli tauni yakale yamigodi ya Pilgrim's Rest ndi migodi ya Witwatersrand imene inayamba mu 1886, lamulo la mu 1999 loteteza chuma cha mbiri yakale limafuna chilolezo munthu asanagwiritse ntchito makinawa pamalo ofukulapo zakale. Ku Victoria, chiphaso chotchedwa Miner's Right chimalola munthu kusaka golide m'malo ovomerezeka, koma sichimupatsa ufulu wotenga zinthu zakale zimene okumba anasiya.

Palinso ngozi imene wofufuza woyang'ana pansi, makutu ali ku makina, saiona msanga. Maenje ambiri a migodi anangowaphimba ndi matabwa amene tsopano anafumbwa pansi pa udzu, ndipo dothi lozungulira malo amene ankaphwanyirapo miyala likhoza kukhala ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni chimene ankagwiritsa ntchito pogwira golide. Choopsa kwambiri ndi tizitsulo toyatsira mabomba ophwanyira miyala. Ndi timachubu tamkuwa tochepa ngati kachidutswa ka pensulo, makina amatimva bwino kwambiri ngati chinthu chamtengo, ndipo tikhoza kuphulika tikagundidwa ndi chokumbira ngakhale patapita zaka zambiri. Amene wapeza kachubu kotere asakagwire, aike chizindikiro pamalopo, achokepo, ndipo adziwitse oyang'anira malowo kapena apolisi.