Mankhwala a khansa ochokera ku duwa: chifukwa chake musamawiritse nokha

Mwina kachitsamba aka kali pakhomo panu, kapena munakaonapo pabwalo la tchalitchi kuno ku Dedza. Masamba ake ndi osalala, maluwa ake ndi a pinki kapena oyera, ndipo sikaopa dzuwa. Dzina lake la sayansi ndi Catharanthus roseus, kwawo ndi ku Madagascar. Mumasamba ake ndi momwe mumachokera vincristine, mankhwala amene madokotala ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth amathandizira ana odwala khansa ya Burkitt, yomwe imatupitsa nsagwada kapena mimba.

Ena akamva zimenezi amathamangira poto. Chonde musatero.

Mankhwalawa anapezeka mwangozi. Ku Jamaica anthu ankamwa tiyi wa masambawa ati kuchiza shuga. M'zaka za m'ma 1950, Robert Noble ndi Charles Beer a ku Canada anayesa madzi ake pa makoswe. Shuga sanatsike, koma maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi aja, anachepa kwambiri. Poizoni ameneyu ndi amene anasanduka mankhwala ena a khansa otchedwa vinblastine mu 1958, ndipo vincristine anavomerezedwa ku America mu 1963.

Ntchito yotulutsa mankhwala m'tsamba si yamasewera. Amaumitsa masamba, kuwapera, n'kuwaviika mu spiriti monga methanol. Akasefa, amaumitsa spiritiyo n'kutsala phala lakuda lokhala ndi makemikolo ambirimbiri osakanikirana. Phalalo amalidutsitsa mumachubu kuti kemikolo iliyonse ituluke payokha, makina n'kuizindikira, kenako amaiyesa pa maselo, pa nyama, pomaliza pa anthu. Kuti apeze galamu imodzi yokha ya vinblastine pamafunika masamba ouma okwana makilogalamu mazanamazana. Nanga kapu ya tiyi ingakhale ndi mlingo wanji? Palibe angadziwe, ngakhale wophikayo. Komanso vincristine samwa, amabaya pamtsempha basi, dokotala akuyang'anira magazi, chifukwa amabweretsa dzanzi m'zala ndi kudzimbidwa.

Nkhani ya malungo ndi yomweyo. LA amene timalandira kuchipatala kuyambira 2007 muli artemether, wochokera ku chomera cha Artemisia annua, chimene mankhwala ake anawatulukira Tu Youyou wa ku China mu 1972. Koma bungwe la WHO sililola tiyi wa Artemisia pochiza malungo. Mlingo wake ndi wosadziwika, ndipo tizilombo tikalawa pang'ono osafa, timazolowera. Kuno kumtunda kozizira ena amati malungo ndi a ku Mtakataka ndi Golomoti kokha, n'kumangomwa zitsamba mwana akutentha thupi. Pitani akayezedwe magazi tsiku lomwelo.

Ngati mukumwa ma ARV, mankhwala a TB, a BP kapena a shuga, uzani adokotala zitsamba zilizonse zimene mukumwa. Zina zimachepetsa mphamvu ya mankhwala, zina zimawononga chiwindi ndi impso. Amayi oyembekezera asamwe mankhwala azitsamba ofulumizitsa kubereka, chiberekero chimatha kuphulika.

Mwana akatafuna masamba kapena maluwa a kachitsamba aka, kapena njere za nsatsi, musamusanzitse. Thyolani nthambi ya chomeracho, mupite nayo limodzi ndi mwanayo ku chipatala cha boma cha Dedza, ku Mua, kapena chipatala chilichonse chapafupi. Chotupa chomakulirakulira pansagwada kapena pamimba pa mwana, ndiponso madontho akuda otupa pakhungu, zikaonedwe msanga. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akhoza kukuuzani koyambira.