Vaselini akakanirira mu tsitsi, chonde musathamangire parafini

Mu June ndi July muja mphepo ikamatsika kuphiri la Zomba ana amatuwa mbuu, ndiye ambirife timangotapa vaselini nkupaka thupi lonse mpaka mmutu momwe. Pakhungu palibe vuto. Koma mu tsitsi makamaka lalitali kapena loluka amakanirira, fumbi nkumamatirira pomwepo, mutu nkuyamba kuyabwa.

Vaselini amachokera ku mafuta a pansi omwe aja amapangira petulo, nchifukwa chake sagwirizana ndi madzi, olo mumusambitse mwana kasanu madziwo amangotsetsereka pamwamba basi.

Ndiye musayambe ndi madzi. Tsitsi likadali louma pukutani kaye ndi kansalu koyera kapena tishu, mofinya tsitsilo osati kutikita chifukwa mukatikita mukungomufalitsa. Kenako wazani ufa woyera, wa nsima womwewu, musiye kwa mphindi 10 kapena 15 uyamwe mafutawo, nkupesa pang'onopang'ono. Ngati ndi mwana mutchingeni kumaso ufa usamulowe mmaso ndi mmphuno. Pomwe waundana kwambiri pakanipo timafuta tophikira pang'ono, zikumveka ngati kuwonjezera vuto koma mafuta ndi amene amasungunula mafuta anzake. Mukatero sambitsani ndi madzi ofunda, osati owira, ndi sopo wamadzi wotsukira mbale uja, kawiri kapena katatu. Sopo ameneyu amaumitsa tsitsi ndiye ndi wa tsiku lokhali, mumalize ndi shampu ndi kondishona ngati muli nazo. Akatsalirako dikirani mawa mubwereze, osakanda khungu ndi zikhadabo.

Chomwe chimandiopsa ine ndi anthu othira parafini kapena petulo mmutu ati zichoke msanga. Ayi ndithu abale. Zimawotcha khungu, mpweya wake ndi woipa kwa mwana, ndipo mmakomo mwathu muno mbaula ndi kandulo zili paliponse, kanthu kakang'ono tsitsi layaka. Sopo waufa wochapira zovala nayenso musiyeni, amatupitsa khungu la mmutu.

Ena amapaka vaselini wambiri chonchi pofuna kuthana ndi zipere. Vaselini sapha zipere, amangozibisa kuti zisaoneke zotuwa pomwe zikufalikira kwa ana ena kudzera mu chipeso ndi mashini ometera. Zipere za mmutu zimafuna mankhwala akumwa kwa masabata angapo, ndiye mukaona tsitsi likusosoka mozungulira, zilonda kapena mafinya, mutengereni mwanayo ku Matawale, ku Zomba Central kapena chipatala chomwe muli nacho pafupi akamuone.