Kusintha netiweki si kutaya nambala

Zaka zonse zimene ndakhala kuno ku Johannesburg, ndatopa kumva nkhani imodzimodzi m'matekisi ndi kutchalitchi: akuti ukasintha kampani ya foni, nambala yako yapita. Ndiye munthu amangopirira mabandulo odula, m'chipinda chake ku Hillbrow n'kumachita kuimirira pawindo kuti amvane ndi mayi ake ku Mangochi, poopa kuti abwana ndi abale amusowa.

Abale anga, zimenezi si zoona. Kuyambira 2006, malamulo a kuno ku South Africa amalola munthu kusamukira ku kampani ina ndi nambala yake, amati porting. Mumagula SIM ya kampani yatsopanoyo, n'kuilembetsa m'dzina lanu motsatira lamulo lotchedwa RICA, pogwiritsa ntchito pasipoti komanso umboni wa komwe mukukhala, kenako mumapempha kuti nambala yakale isamutsidwe. WhatsApp yanu imakhala momwemo. Chimatayika ndi mayunitsi ndi data yotsala, choncho muyambe mwazimaliza. Amene ali pa kontirakiti ayambe akambirana ndi kampani yawo za ndalama zotsala. Poti anthu amasamuka ndi nambala zawo, masiku ano chiyambi cha nambala, monga 082 kapena 083, sichikuuzani motsimikiza netiweki imene munthu ali.

Musangokhulupirira ine, ndipo mnzathu wongofika kumene musamuopseze ndi zam'maluwa zomwe simunazitsimikize. Lowani m'shopu ya kampaniyo mukafunse nokha, muonenso mmene akukulandirirani. Musanasamutse nambala, SIM yatsopanoyo muiyese sabata yonse, kunyumba ndi kuntchito, poti netiweki yogwira bwino ku Soweto ikhoza kufooka m'fulati ya ku Berea. Poyerekeza mitengo, onaninso masiku amene banduloyo imatha.