Za mwana wa miyezi 8 zija

Abale anga kuno ku Harare, nkhani iyi ndayimva kuyambira ndili mwana ku Mbare mpaka pano ikuzungulirabe m'magulupu a pa foni, ati mwana wobadwa pa miyezi 7 amapulumuka koma wa miyezi 8 amafa basi. Sizoona izi.

Mwana akabadwa masabata 37 asanakwane ndiye wabadwa masiku osakwana, ndipo sabata iliyonse yomwe wakhalako m'mimba mapapo ake amakhwimirako, thupi limaonjezera mafuta omuthandiza kusunga kutentha, ndiye wa miyezi 8 mwayi wake ndi waukulu kuposa wa 7. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi chisamaliro cha manesi aja, usiku onse ali maso kuona kapumidwe, kumumwetsa mkaka wa mayi pa kachubu kapamphuno, kumuika pa magetsi akagwidwa chikasu, komanso kuphunzitsa mayi njira ya kangaroo yomuika pachifuwa khungu kwa khungu. Anthu amenewa sitiwathokoza mokwanira ayi.

Mukakayika onani khadi la kusikelo, masabata amalembapo, kapena afunseni anesi pa kiliniki yapafupi. Zomwe simunafunse musatumizire mayi yemwe mwana wake ali m'chipatala chonde.