Kusiya mafuta a m'khwapa sikusungunula chotupa cha m'bere

Pa zaka zimene ndakhala ndikusamalira odwala khansa, ndatopa kumva mawu amodzimodzi kwa amayi obwera mochedwa: "Nditangokhudza kachotupa ndinasiya kudzola mafuta onunkhira a m'khwapa, ndiye ndimadikira kuti kasungunuke."

Sindikunena kuti mankhwala a m'nyumba alibe vuto. Khansa zambiri za m'mawere zimakula mothandizidwa ndi homoni ya akazi yotchedwa estrogen, ndipo pali mankhwala amene akalowa m'thupi amachita ngati homoniyo. Ena mwa iwo ndi BPA, opezeka m'mapulasitiki ena olimba ndiponso m'kati mwa zitini, amene mayiko a European Union anawaletsa m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Kafukufuku wa ku California wofalitsidwa mu 2015 anapeza kuti akazi amene amayi awo anali ndi mankhwala ophera tizilombo a DDT ambiri m'magazi ali oyembekezera, chiopsezo chawo cha khansayi chinali chokwera pafupifupi kanayi, ndipo matendawo ankaonekera patapita zaka makumi angapo. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2019, wotchedwa Sister Study, anatsatira amayi oposa 46,000 n'kupeza kuti amene ankawongola tsitsi ndi mankhwala pafupipafupi chiopsezo chawo chinali chokwera ndi pafupifupi 30 peresenti. Kafukufuku wotere amaonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, osati kuti chimodzi chimayambitsa chinzake mwa munthu aliyense, komabe n'chifukwa chokwanira chochenjerera, makamaka kwa oyembekezera ndi atsikana amene mawere akungoyamba kumera. Musatenthetsere chakudya m'pulasitiki, tsegulani mawindo mukamapopera mankhwala ophera tizilombo, ndipo valani magolovesi powongola tsitsi.

Za mafuta a m'khwapa n'zina. Mphekesera yoti mafutawa amayambitsa khansa ya m'mawere inakula mu 2004, pamene mankhwala otchedwa parabens, amene amaikidwa m'zodzoladzola zina kuti zisawonongeke, anapezeka m'zotupa za amayi 20, koma kafukufukuyo sanaonetse kuti ndiwo anayambitsa zotupazo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mowa, umene umboni wake pa khansa ya m'mawere ndi wamphamvu kwambiri, palibe amene amandifunsa.

Mayi wina sachoka m'maganizo mwanga. Anali wosamala kwambiri, moti atamva kachotupa kangati nsawawa anataya ziwiya zonse zapulasitiki, nasintha sopo, nayamba kumwa tiyi amene wogulitsa wina wa pa intaneti anamulonjeza kuti amatsuka poizoni m'magazi. Anabwera patatha miyezi isanu ndi itatu atanyamula mabotolo opanda kanthu m'chikwama kuti andionetse khama lake. Nditamuyeza, nsonga ya bere inali italowa m'kati, khungu litachita timaenje, ndipo m'khwapa munali anabere olimba ngati miyala. Anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Anamwino, kodi ndinalakwa pati?" Ndinamugwira dzanja, koma yankho linandisowa, chifukwa wolakwa weniweni anali uja amene analandira ndalama zake mwezi ndi mwezi.

Mvetsani izi: kupewa mankhwala oipa kungachepetse chiopsezo cha mawa, koma sikubweza chotupa chimene chayamba kale. Palibe tiyi, ufa kapena mafuta amene amatsuka khansa, ndipo aliyense wokuuzani kuti mudikire kaye thupi liyere akukuberani miyezi imene madokotala akanatha kuchotsa chotupacho chisanafalikire ku mafupa, chiwindi kapena mapapo. Khansa ya m'mawere ikamayamba nthawi zambiri sipweteka, choncho musadikire ululu. Mukamva chotupa, mukaona magazi akutuluka kunsonga ya bere, kapena khungu likasintha, pitani kuchipatala sabata yomweyo, ndipo mukauzidwa kuti atenge kachidutswa ka mnofu kokapima, vomerani, pakuti kupimako sikufalitsa khansa ndipo ndi njira yokhayo yodziwira chimene chili m'beremo.