Mannenberg: nyimbo imene inakanganitsa anthu mushopu ya telala

Mkanganowu unabuka Loweruka lina m'kashopu ka telala ku Mayfair kuno ku Johannesburg, komwe amalume anga amakonda kukhala podikira kuti dzuwa lipendeke. Mnyamata wa ku Mangochi amene amasoka pamenepo anatsegula Mannenberg pa foni, atamva pa wailesi kuti mu 2024 nyimboyi yakwanitsa zaka 50. Piyano itangoyamba, mkulu wina wa ku lokeshoni ya Alexandra amene anabweretsa jekete kuti amuikire zipi anapukusa mutu. Anati nyimbo imeneyo ndi ya Zacks Nkosi, Dollar Brand anangoitola. Amalume, amene anabwera ku Joni pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, n'kusanduka mtchona, sanatsutse. Anangoti, "Mphwanga, taibweza poyamba timvetsetse."

Dollar Brand ameneyu ndi Abdullah Ibrahim, wobadwira ku Cape Town mu 1934. Za unyamata wake sindichedwapo. Ankaimba ndi Kippie Moeketsi, Hugh Masekela ndi Jonas Gwangwa mu gulu la Jazz Epistles, lomwe linajambula chimbale kuno ku Johannesburg mu 1960, chaka chimene apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville. Mu 1962 anapita ku Ulaya, katswiri wa jazi wa ku America Duke Ellington n'kumumva ku Zurich, ndipo mu 1968 analowa Chisilamu.

Pagona nkhani ndi pa June 1974. Rashid Vally, mwini sitolo ya mbale za nyimbo ya Kohinoor pa Kort Street kuno ku Johannesburg, analipira situdiyo ku Cape Town kuti Ibrahim ajambule ndi anyamata akumeneko, ena mwa iwo Basil Coetzee ndi Robbie Jansen oimba sakisofoni. Anatha masiku akujambula nyimbo zimene anakonzeratu. Ndiye tsiku lina Ibrahim anasiya piyano yaikulu yonyezimira ija n'kukakhala pa ina yakale yoimirira, imene pa tinyundo take tomenya nsambo panali pokhomedwa timisomali. Timisomali timeneti timachititsa kuti liwu lizituluka lachitsulo, lonjenjemera. Amalume amati zimawakumbutsa bangwe womangirira zitsekerero za mabotolo. Ibrahim anayamba kuzungulira pa kamayimbidwe kamodzi, ang'oma ndi a besi n'kumutsatira, Coetzee n'kulowa ndi sakisofoni yake yolira ngati munthu wobuma pamaliro. Zinatenga mphindi zoposa 13. Nkhani ya piyano yakaleyi imachokera kwa amene analimo m'chipindamo, ndipo aifotokoza kambirimbiri moti mwina inasalala pofotokozedwa, koma liwu la timisomali aliyense angalimve yekha pa mbaleyo.

Kuzungulira kuja ndi mtundu wa nyimbo wotchedwa marabi. Marabi anabadwira kuno, m'mabwalo a nyumba zothithikana ku Doornfontein m'zaka za m'ma 1920, m'mashabini momwe munthu mmodzi ankapalasa limba usiku wonse amayi akugulitsa mowa wofulula okha. M'mabwalo amenewo munkakhala Azulu, Asutu, Axhosa ndi anthu ochokera kutali kumpoto. Boma litawagumula m'ma 1930, anthu anamwazikira ku Orlando, Sophiatown ndi Alexandra, nyimbo zawo zili kumutu.

Dzina lokha ndi la ku Cape Town. Manenberg ndi lokeshoni ya ku Cape Flats komwe boma latsankho linkataya anthu owasamutsa mokakamiza, ena ochokera ku District Six, dera limene mu 1966 linalengezedwa kuti ndi la azungu okha. Koma kutchuka kunayambira pa Kort Street. Vally anabwera ndi nyimboyo isanatuluke n'kuiika pa zokuzira mawu panja pa sitolo yake, anthu odutsa n'kumalowa kudzafunsa kuti akuimbayo ndani. Amalume amalumbira kuti anaimvera pomwepo koyamba.

Nanga za mkulu wa ku Alexandra uja? Sanapeke yekha. Zacks Nkosi anali katswiri wa sakisofoni wa ku Alexandra, ndipo nyimbo yake ya Jackpot inatuluka zaka zambiri Mannenberg isanajambulidwe. Anthu ambiri a khutu lakuthwa amati mutu wa nyimbo ziwirizi ndi wofanana, ndipo zinalembedwa kuti Nkosi mwiniwake ankaona kuti anamulanda. Oikira kumbuyo Ibrahim amayankha kuti marabi ndi chitsime cha mudzi, aliyense amatungapo, ndipo Nkosi nayenso anatunga pomwepo. Mfundo imeneyi ndi yolemera. Ndiponso palibe angakane kuti kudekha kwa Mannenberg, kuyenda kwake kosathamanga, ndi dzanja la Ibrahim. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti madzi a chitsime cha onse akalowa m'botolo, pabotolopo pamalembedwa dzina limodzi, ndipo ndalama zimatsata dzinalo. Oimba akuda a m'badwo wa Nkosi kawirikawiri ankalipidwa kamodzi patsiku lojambula, basi, zotsala n'kukhala za kampani. Nkosi anamwalira ufulu wa 1994 asanauone. Ibrahim anaimba pa mwambo wolumbiritsa Nelson Mandela.

Pali chinanso chimene anthu amasokoneza, choti nyimboyi inabadwa ili kale yomenyera ufulu. Wolemba mbiri John Edwin Mason anaonetsa kuti zimenezo zinadza pambuyo. Ibrahim anachokanso m'dziko muno mu 1976, chaka cha zipolowe za ana asukulu ku Soweto. Amene anainyamula nyimboyi ndi Coetzee ndi Jansen, otsala kumudzi, poiimba pa misonkhano yotsutsa boma m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya United Democratic Front, mgwirizano wa magulu olimbana ndi tsankho. Popeza inalibe mawu oimbidwa, ofufuza nyimbo a boma analibe poigwira, ndipo aliyense ankaikamo chisoni chakechake.

Amalume anaikamo chawo. Pa 4 April 1974, miyezi iwiri nyimboyi isanajambulidwe, ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodi, ndipo anthu masauzande ambiri anabwerera ku Malawi. Amalume sanabwerere. Amati chaka chimenecho Mmalawi ankayenda chozolika, chifukwa boma lakwathu linali pa ubale ndi boma la Pretoria kuyambira 1967, ndipo Kamuzu anadzacheza kuno mu 1971. Anzawo ena pantchito ankawayang'ana ndi diso lokayika. Koma pa Kort Street paja anaima pakati pa gulu, palibe anawafunsa kwawo.

Oimba piyano a lero akulifunsabe funso la kwawo kwa munthu. Bokani Dyer anabadwira ku Gaborone mu 1986, bambo ake atachoka ku South Africa nthawi ya tsankho, ndipo chimbale chake cha 2023 anachitcha Radio Sechaba, mawu oti sechaba kutanthauza mtundu kapena fuko. Ndimachimvera ndikukumbukira kuti ziwawa za May 2008, zimene zinapha anthu 62, zinayambira ku Alexandra komweko kwa Zacks Nkosi, ndipo Amalawi ambiri anathawa pa mabasi atasiya katundu yense.

Mkulu uja sanathawe nkhaniyi amalume ataitchula. Anati anabisa banja lina la ku Mozambique m'nyumba mwake masiku atatu, kenako anakhala chete. Mnyamata wa ku Mangochi anali atamaliza zipi, anadula ulusi ndi mano, n'kutenga foni kufunafuna Jackpot. Ataipeza, mkuluyo anakhalanso pansi, jekete ili pamwendo, n'kuyamba kugogoda chala pa tebulo la makina.